Thupi likatentha musathamangire malungo, kumbukirani nkhupakupa

Kwathu nkhupakupa ndi nkhani ya galu ndi ng'ombe. Amene munakulira kumudzi mukulikumbuka tsiku la ku dibi, ng'ombe zikudumphira m'madzi onunkha mankhwala aja, abusa akukuwa, alangizi a ziweto akuwerenga. Chimene aliyense ankaopa chinali chigodola, matenda omaliza ana a ng'ombe m'khola. Galu akadzaza nkhupakupa m'makutu, mwana amazithothola ndi zala n'kuziphwanya pamwala, nkhani yatha. Munthu ikamuluma amangoichotsa n'kupitiriza ulendo wake.

Maganizo amenewo tinawalongedza m'sutikesi n'kubwera nawo kunja kuno. Tinalongedzanso ena, akuti thupi likatentha, mutu n'kumawawa, m'mafupa n'kumaphwanya, ndiye kuti ndi malungo. Chichewa chathu chomwechi chimatisokoneza pamenepa, chifukwa mawu akuti malungo timatchulira matenda obwera ndi udzudzu komanso kutentha thupi kwina kulikonse. Munthu ali ku Leeds, kumudzi sanapondeko zaka zisanu, koma akuimba foni kuti "ndamva malungo, amene ali ndi LA andigawireko". Ku Leeds kulibe udzudzu wa malungo. Koma kumapiri ndi m'nkhalango kumene anapita kokayenda masabata awiri apitawo kuli nkhosa, agwape, udzu wautali ndi nkhupakupa.

Mfundo yanga mwezi uno ndi imodzi. Matenda a mabakiteriya amene nkhupakupa zimapatsira anthu amachira ndi mankhwala akale, odziwika ndiponso otchipa, bola wina aganizire za nkhupakupa msanga. Ndipo pa khungu lathu lakudali, woyamba kuganizira ayenera kukhala mwini thupi kapena kholo la mwana, chifukwa dokotala akhoza kuyang'ana pomwepo osaona kanthu.

Agogo athu sanali mbuli pa nkhaniyi. Ankaidziwa nkhufi, ija yobisala m'ming'alu ya makoma a dothi n'kumatuluka usiku kudzaluma ogona pamphasa. Nkhufi ndi mtundu wa nkhupakupa, kungoti yake ndi yofewa msana. Munthu imene yamuluma amatha kutentha thupi masiku angapo, kukhala ngati wachira, kenako matenda n'kubwereranso. Dokotala wa ku Britain, Joseph Everett Dutton, ndi mnzake John Todd anasonyeza ali ku Congo kuti nkhufi ndi imene imafalitsa matendawa. Dutton anamwalira konko mu 1905 atadwala matenda omwewo, ndipo kachilombo kake anakatcha Borrelia duttonii.

Ndaikumbutsa nkhufiyi chifukwa ili ndi ubale ndi matenda amene akuvutitsa anthu ku America ndi ku Ulaya lero. Mu 1975, amayi awiri a m'dera la Lyme, m'boma la Connecticut, anadandaula ku ofesi ya zaumoyo kuti ana ambiri m'dera lawo akutupa mawondo. Madokotala ankati ndi nyamakazi ya ana, koma amayiwo anati nyamakazi ya ana sigwira khomo ili ndi khomo linalo motsatizana chonchi. Gulu la Allen Steere la ku yunivesite ya Yale litafufuza linapeza odwala 51, ndipo 39 mwa iwo anali ana. Chimene chinkawadwalitsa chinadziwika mu 1981. Wasayansi Willy Burgdorfer, akutumbula nkhupakupa zochokera m'boma la New York, anaona tizilombo tatitali topotanapotana m'mimba mwake. Anatizindikira msanga chifukwa pa maphunziro ake ku Basel, ku Switzerland, ankafufuza za nkhufi za ku Africa ndi kachilombo ka Dutton kaja. Kachilombo katsopanoko anakatcha Borrelia burgdorferi, ndipo matendawo anatenga dzina la tauni ija. Ine chimandisangalatsa pa nkhaniyi n'chakuti oyamba kuona kuti china chake chalakwika anali amayi owerenga ana odwala pamsewu wawo.

Lero bungwe la CDC ku America likuyerekeza kuti anthu pafupifupi 476,000 amapezeka ndi matenda a Lyme n'kulandira mankhwala chaka chilichonse. Ambiri ali kumpoto chakum'mawa, m'maboma ngati Pennsylvania, New York, New Jersey, Massachusetts ndi Maryland, komanso ku Wisconsin ndi Minnesota. Abale a ku South Bend musadzione kutali, kumpoto kwa Indiana ndi kutsidya ku Michigan nkhupakupa zomwezi ziliko. Ku UK odwala ndi ochepa poyerekeza ndi ku America, koma malo amene amatchulidwa kawirikawiri ndi omwe aja timakonda kukajambulitsako zithunzi: kumapiri a ku Scotland, Lake District, New Forest, Exmoor, South Downs, Thetford Forest. Ngakhale Richmond Park, mu London momwemo, muli agwape ndipo muli nkhupakupa.

Chimene chimapusitsa munthu wokulira ku Dedza kapena ku Chipata ndi kukula kwake. Ife nkhupakupa timaidziwa itakhuta, yotuwa, yonenepa ngati nsatsi m'khutu la galu. Imene imapatsira anthu ambiri Lyme ndi yaing'ono, isanakhwime, kakang'ono ngati kambewu ka mpiru, kakuda. Kamatola kachilomboko kakadali kakhanda poyamwa magazi a mbewa kapena mbalame, kenako chaka chotsatira kamakwera pa udzu n'kutambasula miyendo kudikira chodutsa. Sikauluka, sikadumpha. Mukakhudza udzuwo kamagwira buluku, n'kuyenda pang'onopang'ono kufunafuna pofunda ndi pobisika. Kakamaluma simumva kuwawa, chifukwa malovu ake amachititsa dzanzi pamalopo. N'chifukwa chake odwala ambiri amalumbira kuti sanalumidwe ndi kanthu. Nyengo yake yoopsa ndi kuyambira Epulo mpaka Sepitembala, makamaka Meyi, Juni ndi Julayi. Eya, nthawi yomwe ija timayala zitenje mu paki pa 6 Julayi, nyama ili pamoto, ana akuthamangitsana kuseri kwa zitsamba.

Pali chotonthoza mtima. Si nkhupakupa iliyonse ili ndi kachilombo, ndipo imene ili nako nthawi zambiri imafunika kukhala itakakamira pathupi kupitirira maola 24 kuti ikapatsire Lyme. Ndiye kuti amene amadzifufuza madzulo a tsiku lomwelo wachepetsa vuto kwambiri.

Tsopano pa khungu. Apa ndiimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ife tikupwetekera.

Chizindikiro choyamba cha Lyme ndi banga limene limatuluka pamene panalumidwa, pakati pa masiku 3 ndi 30, kawirikawiri pakatha sabata imodzi. Limatuluka mwa anthu 7 kapena 8 pa 10 alionse odwala. Limayamba laling'ono n'kumakula tsiku ndi tsiku, kupitirira masentimita 5, nthawi zina mpaka 30. Kawirikawiri siliyabwa ndipo silipweteka, koma limatha kumveka lofunda mukaligwira. Mukalifufuza pa intaneti mupeza chithunzi chimodzimodzi: mwendo wa mzungu, banga lofiira psuu, pakati pofiira, kenako mzere woyera, kenako bwalo lofiira. Chithunzi chimenecho ndi chimene chili m'mabuku a madokotala ndi pa makoma a zipatala. Ngakhale pa azungu omwe, mabanga ambiri sakhala ndi mizere yozungulira yooneka bwino chonchi. Nanga pa ine ndi inu? A NHS eni ake amanena kuti pa khungu lakuda kapena loderako bangali limavuta kuona, ndipo limatha kuoneka ngati pamene munthu wagundidwa magazi n'kuundana mkati. Limakhala loderapo kuposa khungu lozungulira, mwina lofiirira ngati khofi, mwina lamtundu wa nthudza. Mayi akaliona pa ntchafu ya mwana amati wagwa pa njinga. Bambo akaliona pamsana amati ndi chipere, n'kukagula kirimu.

Zotsatira zake zinawerengedwa. Mu 2021 dokotala Dan Ly wa ku UCLA anaunika zolemba za okalamba a pa inshuwalansi ya Medicare ku America. Anapeza kuti pa odwala akuda, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anadziwika kuti ali ndi Lyme matenda atafika kale m'mitsempha ndi mu ubongo. Pa azungu anali pafupifupi mmodzi mwa khumi. Kachilombo n'komweko, nkhupakupa n'zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti banga la wina linaoneka pa nthawi yake, la wina linadutsa osaonedwa. Vutoli achinyamata athu ena ayamba kulimbana nalo. Malone Mukwende, wobadwira ku Zimbabwe, ali wophunzira za udokotala ku St George's mu London anatulutsa mu 2020 kabuku kotchedwa Mind the Gap, kosonyeza mmene zizindikiro za matenda zimaonekera pa khungu lakuda. Koma dokotala amene mukakumane naye Lolemba m'mawa mwina anaphunzira kabukuko kasanatuluke.

Ndiye tichite bwanji? Yang'anani khungu pa kuwala kwa dzuwa, pafupi ndi windo, osati pansi pa babu yachikasu ya kubafa. Yerekezani mwendo uwu ndi unzake. Gwirani ndi kuseri kwa dzanja mumve ngati pafunda. Mukaona banga lokayikitsa, tengani bolopeni mulembe mzere kuzungulira m'mphepete mwake, mujambule ndi foni, mawa mudzaonenso. Pogundidwa pamasintha mtundu n'kumazilala. Chipere chimayabwa ndipo m'mphepete mwake mumakhala tinkhanambo tosendeka. Banga la Lyme limakhala losalala ndipo limadumpha mzere wa bolopeni uja. Kamatuza kakang'ono kotuluka tsiku lomwe mwachotsa nkhupakupa n'kutha pa masiku awiri, ngati ka udzudzu, kameneko si Lyme, ndi khungu chabe likudandaula.

Bangalo limatha lokha ngakhale osamwa mankhwala, ndipo apa ndi pamene munthu amati wachira. Kachilombo kamakhala kalowa mkati. Pakapita masabata kapena miyezi, ena amadzuka m'mawa mbali imodzi ya nkhope itagwa, pakamwa patapindika, diso silikutsinzina. Ukaona zotere pa mwana wa zaka khumi, mtima umathamangira kutali, wina anena sitiroko, wina kumudzi pa foni anena kuti pali dzanja la munthu. M'madera a Lyme, nkhope yogwa pa mwana nthawi yotentha madokotala amayamba aganizira nkhupakupa. Kwa munthu wamkulu nkhope ikagwa mwadzidzidzi itanani ambulansi kaye, chifukwa sitiroko siidikira, koma mukafika kuchipatala mutchule za kutchire. Ena amamva mutu waukulu ndi kuuma khosi, ena dzanzi ndi ululu wolasa m'manja ndi m'miyendo. Ochepa kachilomboko kamawasokoneza kagundidwe ka mtima, amamva chizungulire, kubanika, mwina kukomoka, ndipo zimenezo n'zothamangira kuchipatala usiku womwewo. Ndipo pali bondo lija la ana a ku Connecticut, lotupa ngati dzungu pakatha miyezi, nthawi imene aliyense anaiwala kale za pikiniki.

Pamaso pa dokotala, musangoti mukumva kuphwanya m'thupi. Nenani kumene munapita, tsiku lake, ndi kuti munayenda mu udzu kapena m'nkhalango. Mawu awiri akuti "tick bite" amasintha maganizo a dokotala kuposa madandaulo khumi. Ngati simunaione nkhupakupayo nenanibe kuti munali kumalo kumene zimapezeka, ndipo funsani mwachindunji ngati bangalo lingakhale la Lyme. Kufunsa si mwano. Ife tinaleredwa kuti kwa dokotala umangoti "inde, adokotala", koma kuno amayembekezera kuti wodwala alankhule, ndipo mphindi khumi za kwa GP zimatha msanga.

Dziwaninso izi za kuyeza magazi. Kuyezako sikufufuza kachilombo kenikeniko, kumafufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amatenga masabata angapo kuti aoneke. Munthu akhoza kukhala ndi Lyme, banga lili poyera, magazi n'kutuluka kuti alibe. N'chifukwa chake malangizo a NICE a mu 2018, amene madokotala a ku England amatsatira, amati banga la Lyme likaoneka wodwala ayambe mankhwala osadikira za magazi. Ngati banga palibe ndipo zotsatira zoyamba zati mulibe koma zizindikiro zikupitirira, amayezanso pakatha masabata 4 mpaka 6. Mankhwala ake kwa akuluakulu ndi doxycycline, omwe aja ena amamwa popewa malungo akamapita kumudzi. Ku UK amapereka a masiku 21, ku America kawirikawiri masiku 10 mpaka 14. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera amapatsidwa ena monga amoxicillin, choncho wa pakati anene. Ambiri amachira bwinobwino. Ena amatsala ndi kutopa ndi kuphwanya kwa miyezi, ndipo apo samalani ndi anthu a pa intaneti ogulitsa mayeso odula ndi madiripi a miyezimiyezi. Kafukufuku sanapeze kuti kumwa maantibayotiki nthawi yaitali chonchi kumathandiza, koma kuwononga thupi ndi thumba kokha n'kotsimikizika. Kudwala Lyme kamodzi sikuteteza, ukalumidwanso ukhoza kudwalanso. Katemera wa anthu wotchedwa LYMErix anatuluka ku America mu 1998 n'kuchotsedwa pamsika mu 2002, pamene wa agalu alipo mpaka lero.

Kwa amene mapepala sanalongosoke, ku England munthu aliyense ali ndi ufulu wolembetsa kwa GP ndi kuonedwa kwaulere, ndipo malamulo a NHS safuna kuti muonetse chiphaso chokhalira m'dziko. Musakhale ndi bondo lotupa m'nyumba chifukwa cha mantha amenewo.

Titsike kummwera tsopano, kwa abale a ku Joni ndi ku Zimbabwe, komanso tonse amene timapita kumudzi pa Disembala. Kumeneko nkhani yaikulu si Lyme. Ndi matenda ena amene a ku South Africa amangowatcha tick bite fever, oyamba ndi mabakiteriya a mtundu wa Rickettsia. Umodzi mwa mitunduyi unapezeka mwa wodwala ku Zimbabwe mu 1992 ndi gulu la Patrick Kelly, ndipo mu 1996 unapatsidwa dzina lakuti Rickettsia africae. Umafalitsidwa ndi nkhupakupa zamawangamawanga zija za pa ng'ombe ndi nyama zakutchire. Zimenezi n'zaukali, sizingodikira pa udzu, zikamva fungo la chamoyo zimachita kuchilondola. Tiana take timakhala mulu pa udzu umodzi, tating'ono ngati tsabola wopera, moti munthu mmodzi amatha kulumidwa malo angapo tsiku limodzi. Zachuluka ku Limpopo, Mpumalanga, KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape, ndipo abale ake a nkhupakupa zomwezi ali pa ng'ombe za ku Malawi ndi ku Zambia. Nyengo yake ndi ya dzinja, udzu ukakula, kuyambira Novembala mpaka Epulo. M'matauni muli mtundu winanso, Rickettsia conorii, wobwera ndi nkhupakupa za agalu, ndipo umenewu umatha kudwalitsa kwambiri, makamaka okalamba ndi amene thupi lawo n'lofooka kale.

Taganizirani amene amagwira ntchito zotani ku South Africa. Ambiri mwa anyamata athu ali m'magadeni a mabwana, akutchetcha kapinga, akusambitsa agalu, ena ali m'mafamu a ng'ombe ndi a nyama zakutchire. Palibe amene amakhudzana ndi nkhupakupa kuposa iwowa. Pakatha masiku 5 mpaka 7 chilumidwireni, nthawi zina 10, thupi limatentha, mutu umawawa koopsa, khosi ndi minofu zimaphwanya. Chizindikiro chake chenicheni ndi kachilonda kokhala ndi nkhanambo yakuda bii pakati, ngati wina wazimitsirapo ndudu, ndipo pafupi pake pamatuluka mwanabere, m'mphechepeche kapena m'khwapa. Pa khungu lakuda nkhanambo yakudayo imabisala, ndiponso imakonda malo amene munthu sauza mnzake: m'chiuno, kumatako, kumaliseche, pansi pa bere, m'tsitsi. Mwanabere ndiye mlozo wabwino. Mukamumva, fufuzani chilonda mbali yomweyo ya thupi.

Kwa obwera kuchokera kutchuthi, ndinene mosapita m'mbali. Thupi likatentha mutabwera kuchokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, choyamba ndi kuyezetsa malungo tsiku lomwelo. Chitetezo chimene tinali nacho tili kwathu chimatha tikakhalitsa kunja, ana obadwira kuno alibe n'komwe, ndipo malungo amapha m'masiku ochepa. Palibe chimene ndalemba pano chimene chikuchotsa zimenezo. Koma akakuuzani kuti malungo mulibe, musanyamuke kaye pampando. Pa apaulendo obwera kuchokera ku Africa ya kummwera kwa Sahara ali ndi thupi lotentha, matenda a nkhupakupa amenewa amabwera pambuyo pa malungo penipeni pa zimene madokotala amapeza kawirikawiri. Nenani kuti ana ankasewera kuseri kwa khola la agogo, kuti munayenda pansi ku Liwonde, ku South Luangwa kapena ku Kruger, ndipo vulani malaya dokotala afufuze kachilonda kaja. Munthu akhozanso kukhala ndi onse awiri, malungo ndi a nkhupakupa.

Ndifike pa kachikwama ka mankhwala kamene kali m'nyumba zambiri zathu, kobwera ndi alendo ochokera kumudzi: LA, Bactrim, makapisozi a amoxicillin. Ndikumvetsa chifukwa chake, kuonana ndi dokotala kuno n'kovuta, ku America n'kodula. Koma taonani. LA amapha kachilombo ka malungo, mabakiteriya sawakhudza n'komwe. Amoxicillin amagwira pa Lyme akaperekedwa pa mlingo wake ndi masiku ake okwanira, koma pa Rickettsia sagwira. Bactrim sathandiza pa onse awiri, ndipo a CDC amachenjeza kuti mankhwala a mtundu umenewo akhoza kukulitsa matenda a Rickettsia. Munthu amamwa timapilisi ta masiku atatu, thupi limazizirako chifukwa cha Panado amene wamwera limodzi, ndipo masiku amene dokotala akanawagwiritsa ntchito apita.

Masiku amenewo amafunika kwambiri pa matenda a ku America otchedwa Rocky Mountain spotted fever. Dzinalo lisakupusitseni, odwala ambiri amapezeka ku North Carolina, Tennessee, Missouri, Arkansas ndi Oklahoma, komanso madera ena a Arizona kumene amafala ndi nkhupakupa za agalu. Amayamba ngati chimfine chachikulu, ndi kutentha thupi, mutu, kusanza ndi m'mimba. Timadontho timatuluka pakatha masiku 2 mpaka 4, kuyambira m'mikono ndi mu akakolo, ndipo pa khungu lathu timavutanso kuona, choncho yang'anani m'zikhatho ndi kumapazi. Matendawa akhoza kupha munthu wathanzi pa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Doxycycline akayambidwa m'masiku 5 oyambirira ambiri amapulumuka, ndipo pa matenda awa amaperekedwa ngakhale kwa ana aang'ono, osadikira zotsatira za magazi. Palinso anaplasmosis ndi ehrlichiosis, amene amatenthetsa thupi nthawi zambiri popanda banga lililonse, ndipo mankhwala ake ndi omwewo.

Za kachotsedwe. Kwathu ena amaiwotcha ndi machesi, ena amaithira parafini kapena kuipaka Vaseline kuti ibanike ituluke yokha. Zisiyeni zimenezo. Mukutaya nthawi, ndipo nkhupakupa yovutitsidwa ikhoza kulavulira za m'mimba mwake m'thupi lanu. Tengani kachitsulo kopanira kosongoka kukamwa, m'masitolo amati tweezers, kapena kochotsera nkhupakupa kamene amagulitsa ku famase ndi kwa madokotala a ziweto. Igwireni pamutu, pafupi penipeni ndi khungu, osati pamimba, ndipo kokani pang'onopang'ono molunjika osaifinya. Kakatsalira kachidutswa ka pakamwa pake musakumbe ndi singano mpaka magazi, khungu limakatulutsa lokha. Tsukani ndi sopo. Musaiphwanye ndi zikhadabo monga tinkachitira ndi za galu. Ikulungeni mu selotepi kapena iikeni m'kabotolo. Abale a m'maboma a Lyme ku America, ngati inali itakhuta kale imbirani dokotala, chifukwa kumeneko amatha kupereka doxycycline wakumwa kamodzi wopewera, bola pasanathe maola 72 chichotsereni.

Kupewa kwake sikufuna kuti tisiye mapaki. Ana athu amakhala kale m'nyumba mokwanira, maso pa foni. Yalani zitenje pakati pa kapinga wotchetcha, kutali ndi m'mphepete mwa thengo ndi milu ya masamba ouma. Poyenda m'nkhalango tsatani pakati pa njira, valani buluku lalitali lowala mtundu ndipo lipisireni m'sokosi, ngakhale achinyamata aseke. Mankhwala opaka othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amagwiranso pa nkhupakupa. A permethrin ndi opopera pa zovala ndi nsapato, osati pakhungu, ndipo amphaka asayandikire asanaume. Mukafika kunyumba sambani pasanathe maola awiri, ndipo zovala zouma muziponye mu makina oumitsira pa moto waukulu mphindi 10. Madzi ozizira ochapira saipha, chimene chimaipha ndi kutentha kouma. Galu amene amagona pa sofa afufuzidwe nayenso ndipo azilandira mankhwala ake a nkhupakupa. Inu ogwira ntchito yosamalira okalamba, amene mumatulutsa galu wa agogo kukamuyendetsa kuseri kwa nyumba, nkhaniyi ndi yanunso.

Kufufuza kwa madzulo ndi kumene kumafuna luso lathulathu. Kanthu kakuda ngati kambewu ka mpiru pa khungu lakuda maso amakaphonya, choncho gwiritsani ntchito nsonga za zala. Sisitani pang'onopang'ono ngati mukufufuza mchenga pakhungu: kuseri kwa mawondo, m'mphechepeche, pamchombo, pamene pamadutsa lamba, m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi m'kati mwake. Kanthu kolimba kamene dzulo kunalibe, kaunikeni ndi tochi ya foni muone ngati kali ndi miyendo. Ana, poti ndi afupi, amalumidwa kwambiri m'khosi ndi m'mutu. Ndiye pali tsitsi loluka la atsikana athu, lokhala milungu inayi kapena isanu osamasula, ndi la anyamata osunga madiredi. Simufunika kumasula. Mukhazikeni mwana pansi pakati pa miyendo yanu ngati tsiku loluka, mudutse ndi chala mzere uliwonse, kuyambira pamphumi mpaka pankhongo, makamaka m'malire a tsitsi kumbuyo kwa khosi. Achinyamata amene sangalole kuti mayi awaone, apatseni kalilole wam'manja ndipo auzeni malo onse aja osachita manyazi kuwatchula.

Mukaipeza n'kuichotsa, jambulani pamalopo ndipo lembani tsiku pa kalendala ya pa firiji, pamodzi ndi dzina la malo amene munapita. Kwa masiku 30 otsatira muziyang'anapo posamba. Thupi likatentha, mwanabere akatuluka, kapena banga likayamba kukula, nyamulani foni ya zithunziyo ndi kabotolo kaja popita kwa dokotala.